Kodi Mwana Wathu Aziphunzira Chiyani pa Sukulu Pano?

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza onse chifukwa mamembala amene sanathe kufika anapempha kutero.)



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa mpata woti ndiyime pano. Kalata yondiitana itafika ndinafuna kukana, chifukwa ndinadziwa kuti m'holo muno mukhala madokotala, maloya ndi abusa, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja ndinkawakopera masamu nthawi ya pulepu. Koma mayi a kunyumba anandiuza kuti munthu amene anadya nyemba za sukulu ino zaka zinayi, zofumbwa ndi zosafumbwa zomwe, alibe ufulu wokana sukuluyo ikamuitana. Ndiye ndabwera.

Ine ndinafika pano mu 1974 ndi sutikesi ya malata ndi bulangete limodzi. Ndinalemba MCE mu 1978, ndinakaphunzira uphunzitsi ku Chancellor College ku Zomba, ndipo ndagwira choko zaka zoposa 30, zina mwa izo ndili mphunzitsi wamkulu. Chaka chatha a Bodi ya sukulu yathu anandipempha kuti ndikhale m'kagulu kounika maphunziro amene ana akuphunzira pano, ndi nthawi imene phunziro lililonse likupatsidwa. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene tinapeza, zimene tikuganiza, ndi chimene tikupempha kwa inu. Nkhaniyi ikukhudza ndalama zimene mwasonkha, choncho musagone.

Ndiyambe ndi masamu ochepa. Tsiku la sukulu pano lili ndi mapiriyodi 9, ndipo piriyodi iliyonse ndi ya mphindi 40. Pa sabata amakwana 45, ndiye kuti maola 30. Amenewa ndiwo munda wonse umene tili nawo, ndipo sungakule. Titaitana aphunzitsi kuti aliyense anene nthawi imene phunziro lake likufuna, wa Chingerezi anati popanda iye palibe satifiketi. Wa masamu anati popanda iye palibe injiniya. A sayansi anati phunziro limene ife tinkalidziwa kuti Physical Science linagawidwa pawiri, Fizikisi payokha ndi Kemisitiri payokha, ndipo lililonse likufuna nthawi yake ya mu labotale. Abusa anatikumbutsa kuti ino ndi sukulu ya mpingo. Wa zaulimi anangoloza pa windo kumene kunali dimba kale. Titaphatikiza zopempha zonse, zinapitirira 45 kutali. Onsewa ankanena zoona, ndipo pamenepo mpamene pali vuto.

Ife tili ku pulaimale tinkaphunzira kuti zakudya zili m'magulu atatu. Ana a masiku ano amaphunzira magulu 6. Koma mfundo yake sinasinthe: mwana wodya nsima yokha-yokha amakhuta, koma sakula bwino. Amene amakonza maphunziro a sukulu ali ngati mayi wogawa chakudya m'mbale imodzi yaing'ono. Akachulutsa ichi, china chisowa malo.

Mkangano umenewu si wa lero. Sukulu yoyamba ya mishoni m'dziko muno inayamba ku Cape Maclear mu 1875. Mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa Overtoun Institution ku Khondowe, ndipo kumeneko achinyamata ankaphunzira Chingerezi, masamu ndi Baibulo, komanso ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu. Pofika 1905 ku Livingstonia kunkayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akuno, amene anaphunzira kuumba njerwa ndi kumanga ali pa ntchito pomwepo motsogozedwa ndi David Clement Scott. Nayenso John Chilembwe, mishoni imene anayamba ku Mbombwe mu 1900 inadziwika kuti Providence Industrial Mission. Kwa anthu amenewa buku ndi chipangizo cha ntchito zinkayendera limodzi.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene tisaibise. Mu 1924 kunabwera nthumwi za Phelps-Stokes kudzaona maphunziro a m'Nyasaland. Izo zinalimbikitsa kuti mwana wa Chiafirika aziphunzira zogwirizana ndi moyo wa kumudzi, monga ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo pasanapite nthawi linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi pa maganizo omwewo. Makolo athu ambiri anakayikira. Iwo anaona kuti kuseri kwa mawu okomawo kunali maganizo akuti munthu wakuda khasu limukwanira. Sanalakwitse kwenikweni, pakuti sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, patapita zaka 65 chiyambire sukulu ya ku Cape Maclear. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Choncho kholo likamanena kuti mwana wanga sanabwere kuno kudzalima, tisaliseke. Mawu amenewo ali ndi mbiri yake, ndipo tiyenera kuliyankha mwaulemu.

Tsono tibwere ku mayeso. Bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndilo limayesa ana athu. Pa MSCE mwana akalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale atakhoza zina zonse. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino, ndipo wopambana kotheratu amapeza mapointi 6. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Sukulu ya pulaimale itakhala yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupi-fupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo khamu limenelo linadzafika pa khomo la sekondale, kenaka pa khomo la koleji. Khomolo ndi lopapatiza. Kholo limene lagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti mwana akhale pano likufuna mapointi, ndipo lili ndi chifukwa chomveka. Sukulu ya Chikhristu imene ana ake akulephera mayeso isabisale kumbuyo kwa mapemphero. Kuphunzitsa mwaulesi ndi kuba, ngakhale wakubayo atayamba tsiku ndi nyimbo ya m'buku.

Koma pali yesero limene limagwera mphunzitsi wamkulu aliyense. Poti mapointi amachokera pa maphunziro 6, bwanji osangolimbikira amenewo, zina zonse n'kuzitaya? Ine yesero limeneli linandigwera, ndipo ndinagwa nalo. Ndiloleni ndiulule pamaso panu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya mpingo, imene sinditchula dzina. Zotsatira za mayeso zinali zitatsika, ndipo makolo ankandiloza chala. Ndinachotsa masewera a masana kwa a Fomu 3 ndi Fomu 4. Dimba ndinalisiya m'manja mwa waganyu. Mapemphero a m'mawa ndinawafupikitsa mpaka anangosanduka nthawi ya zolengeza. Mphunzitsi wa ukalipentala atapuma pa ntchito sindinavutike kukapempha wina. Wekishopu ndinaitseka, ndipo m'kati mwake tinayamba kusungiramo matumba a chimanga. Nthawi yonse imene ndinapeza ndinaipereka ku maphunziro a mayeso. Zotsatira zinakweradi. Anthu anandiyamika, ndipo ine ndinavomera kuyamikidwako ndi mtima wonse.

Patapita zaka zingapo ndinatsika basi pa depoti ina, ndipo mnyamata wina anathamangira kudzandilandira chikwama. Atandiyang'ana anavula chipewa nati, "Sala, mwandiiwala?" Anali mwana wanga wa pa sukulu ija. MSCE anakhoza, koma mapointi sanakwane kupita ku koleji, ndipo ntchito ya mu ofesi anaifuna mpaka nsapato zinatha. Tsopano ankanyamula katundu wa apaulendo. Tikucheza anandiuza kuti ali Fomu 2 ndiye ankatsogola m'kalasi pa zopala matabwa, ndipo kampando kamene anapanga nthawi imeneyo mayi ake akukhalirabe. Kenaka anati, "Chaka chimene ndinalowa Fomu 3 ndi chimene munatseka wekishopu." Sananene mokwiya. Anangonena ngati munthu wokumbutsa mnzake za mvula ya chaka china. Ndalama imene ndinamupatsa anaikana, nati mphunzitsi salipira. Abale anga, usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinali nditawerenga ana amene ndinawakweza, koma amene ndinawatsekera khomo sindinawawerengepo.

Ndiye pamene kagulu kathu kanakhala pansi, ndinapempha kuti tisayambe ndi funso lakuti phunziro liti lipatsidwe mapiriyodi angati. Tiyambe ndi funso lakuti mwana wotuluka pa geti la sukulu ino atatha Fomu 4 akhale munthu wotani. Abusa anatithandiza potikumbutsa Luka 2:52, pamene mlembi akutchula mbali zinayi za kakulidwe ka mnyamata Yesu: nzeru, thupi, ubale wake ndi Mulungu, ndi ubale wake ndi anthu. Tinagwirizana kuti mbali zinayizi zikhale muyeso wathu. Sukulu yathu imatsata silabasi ya Unduna wa Zamaphunziro, ndipo ife sitingaisinthe. Koma kagawidwe ka nthawi, kasanjidwe ka maphunziro osankha, ndi zochitika za masana zili m'manja mwathu.

Mbali yoyamba ndi nzeru. Tikuti mu Fomu 1 ndi Fomu 2 mwana alawe mbali zonse: zilankhulo, masamu, sayansi, mbiri yakale, jogalafe, Baibulo, ulimi ndi phunziro limodzi la luso lamanja. Mwana wa zaka 14 sadziwa chimene ali nacho mpaka atachigwira. Kusankha kuyambe mu Fomu 3, koma kukhale ndi malire. Wotsata sayansi atengeko phunziro limodzi mwa mbiri yakale, jogalafe kapena Baibulo, ndipo wotsata mbali inayo asataye masamu ndi sayansi.

Apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Maphunziro awiri akaikidwa pa piriyodi imodzi, mwana sangatenge onse awiri. Titaunika ndondomeko yakale tinapeza kuti Fizikisi inaikidwa nthawi imodzi ndi phunziro la zapakhomo, lija la zophika ndi zosoka. Palibe amene analamula kuti atsikana asaphunzire Fizikisi, koma m'kalasimo atsikana ankachita kuwerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Tinapezanso kuti Baibulo linaikidwa nthawi imodzi ndi Kemisitiri, kotero kuti mwana aliyense wofuna udokotala ankasiya Baibulo mu Fomu 2. Pa sukulu ya mpingo! Amene anakonza ndondomekoyo sanali ndi cholinga choipa, ankangofuna kuti zipinda zikwane. Koma pepala lija lopachikidwa mu sitafu rumu linkasankhira ana tsogolo mwakachetechete. Zimenezi tazikonza, ndipo sizinadye ndalama ngakhale tambala imodzi.

Tikupemphanso piriyodi imodzi pa sabata ya mu laibulale, yoti mwana awerenge buku limene silibwera pa mayeso. Chingerezi sichilowa m'mutu ndi manotsi okha. Komanso Chichewa chisaonedwe ngati phunziro la ofooka. Ambiri muno mukukumbukira chibalo chimene tinkalandira tikagwidwa tikulankhula chilankhulo cha kwathu, ngakhale kuti Chichewa chinali chitakhazikitsidwa kale kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Koma taonani ntchito zimene tikugwira. Namwino amafunsa wodwala m'chilankhulo cha wodwalayo. Mlangizi wa zaulimi, wapolisi ndi mbusa chimodzi-modzi. Mipingo yathu inathera zaka zambiri ikumasulira Mawu a Mulungu mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, chifukwa inkakhulupirira kuti chilankhulo cha anthu n'choyenera kunyamula zinthu zazikulu. Sukulu ya mpingo womwewo isakhale yoyamba kuchinyoza.

Mbali yachiwiri ndi thupi ndi manja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi. Ana athu ambiri, ngakhale amene adzapeze ntchito m'tauni, adzakhala ndi munda. Nanga n'chifukwa chiyani phunziro la ulimi tikuliphunzitsa pa bolodi, mwana n'kujambula chithunzi cha kompositi imene sanaipangepo? Tikuti phunziroli likhale ndi mapiriyodi awiri otsatizana a kudimba. Ana ayese okha kutalikirana kwa mapando, alembe zimene agula ndi zimene akolola, agulitse ndiwo zamasamba ku khitchini ya sukulu, ndipo aone okha ngati apindula kapena aluza. Mmenemo muli masamu, muli sayansi, mulinso kukhulupirika pa ndalama.

Ndipo tapempha aphunzitsi chinthu chimodzi chovuta: khasu lisakhalenso chibalo. Tonse muno tinazulapo chitsa kapena kukumba dzenje chifukwa chochedwa ku asembule. Kodi tinaphunzirapo chiyani? Tinaphunzira kuti ntchito yamanja ndi ya anthu olakwa. Sungauze mwana Lolemba kuti ulimi ndi msana wa dziko, Lachiwiri n'kumupatsa khasu lomwelo ngati chilango.

Wekishopu ya pano nayonso inatsekedwa, monga mwaonera pobwera. Denga likudontha, ndipo mabenchi amene ena a inu munaphunzirirapo kugwira sowo ndi puleni adyedwa ndi chiswe. Chikhalirecho dziko lili ndi njira ya ana aluso lamanja. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuli makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia. Mwana amene anagwirapo chipangizo ali ku sekondale amapita kumeneko akudziwa chimene akufuna, osati ngati munthu wothawa kulephera. Masewera nawo abwerere kwa onse, a Fomu 4 omwe. Mwana wokhala pa desiki kuyambira m'bandakucha mpaka usiku amaoneka ngati akuwerenga, koma kawiri-kawiri maso okha ndiwo ali pa buku.

Mbali yachitatu ndi ubale ndi Mulungu, ndipo pano ndilankhule mosamala pakuti Abusa ali pafupi. Mukukumbukira kuti mu 2000 boma linafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'sekondale ndi kuikapo Religious and Moral Education, lophunzitsa zipembedzo zosiyana-siyana. Mipingo inakana kwa mtu wa galu, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri analoledwa. Ife tikuti Baibulo likhalebe pa ndondomeko yathu, ndipo mwana aliyense akhale ndi mwayi wolitenga. Koma tisadzinamize kuti piriyodi ya Baibulo ndiyo imapanga sukulu kukhala ya Chikhristu. Ndaphunzitsapo ana amene ankatchula maulendo onse a Paulo mosaphonya doko ngakhale limodzi, usiku n'kumakazunza a Fomu 1 ku hositelo.

Dziko lathu silinasowe anthu ophunzira. Amene anapezeka olakwa pa nkhani ya Cashgate, imene inaululika mu 2013, sanali anthu osadziwa kulemba. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana osalakwa anachita kulembanso mu Januwale 2021. Amene anatulutsa mapepalawo anadutsa m'makalasi ngati athu omwewa. Choncho Chikhristu cha sukulu chizioneka m'mabuku a ndalama a kwa basala, m'kusunga nthawi kwa mphunzitsi, m'mene timachongera mayeso, ndi m'mene timachitira ndi mwana wogwidwa ndi likasa ngakhale atakhala wa mkulu wa mpingo. Mapemphero a m'mawa apatsidwe nthawi yake yokwanira, ndipo magulu monga SCOM ndi YCS akhale ndi tsiku lawo losalandidwa ndi makalasi apadera.

Pali zinthu zina ziwiri pa mbali yomweyi. Choyamba, pano pamabwera ana a mipingo ina ndi ana a Chisilamu. Iwowa ndi alendo amene makolo awo atikhulupirira. Adziwe chimene sukulu ino imakhulupirira, koma asachoke pano ndi chilonda cha kunyozedwa. Chachiwiri, tisadumphe mitu ina ya Bayoloje ndi ya Life Skills chifukwa cha manyazi. Edzi inapezeka m'dziko muno mu 1985. Tayang'anani chithunzi cha kalasi yanu, muwerenge amene tinawaika m'manda m'zaka zotsatira, ambiri a iwo ali pa msinkhu wothandiza dziko. Ife palibe anatiuza kanthu. Mwana amve zoona za thupi lake kuchokera kwa mphunzitsi woopa Mulungu, chifukwa akapanda kumva kwa iye akazimva pa foni, ndipo foniyo ilibe chisoni naye.

Mbali yachinayi ndi ubale ndi anthu. Ndifunse: ndi angati muno amene anayamba kulankhula pagulu mu dibeti ya Lachisanu madzulo m'holo muno? Ndikuona manja ambiri, ena ndi a maloya. Kwaya, zisudzo, upulifekiti, kukacheza ndi odwala ku chipatala, kukafolera nyumba ya gogo m'mudzi wapafupi, zonsezi sizilembedwa pa satifiketi, koma ndi zimene zimaphunzitsa mwana kumvera mnzake, kutsutsa popanda kutukwana, ndi kutsogolera popanda nkhanza. Malemu Du Chisiza Jr anayamba kudziwika pa mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM ali mwana wa sekondale. Akanakhala pa sukulu yanga ija m'zaka zimene ndanena, bwenzi nditamuuza kuti asiye zamasewera akawerenge. Tapempha kuti masana a tsiku limodzi pa sabata akhale a makalabu, ndipo mphunzitsi aliyense asawagwire ngakhale mayeso atayandikira.

Tsono musaganize kuti zonsezi zalowa m'mapiriyodi 45 popanda kutaya kanthu. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tagwirizana kuti sitidzalemba pa ndondomeko phunziro limene tilibe mphunzitsi wake ndi zipangizo zake. Phunziro la kompyuta tikulifuna kwambiri, ndipo mwana wa lero sangalipewe, koma kuphunzitsa kalasi yonse pa makina owerengeka, magetsi akuzima-zima, ndi kunamiza makolo. Tiyamba ndi gulu laling'ono mpaka zipangizo zitachuluka. Tachepetsanso chiwerengero cha maphunziro amene mwana mmodzi angalembetse pa MSCE, chifukwa ena ankasenza ambiri n'kumakhoza onse mwa apo ndi apo. Makalasi apadera a Loweruka masana tawachotsa. Aphunzitsi ena sanakondwe, ndipo makolo ena abwera kale kudzafunsa.

Sindingakulonjezeni kuti mapointi sadzagwedezeka m'chaka choyamba. Chikhulupiriro changa, pa zimene ndaona m'zaka zanga za uphunzitsi, n'chakuti mwana wopuma mokwanira, wowerenga mabuku ndi wogwira zinthu ndi manja ake amakhoza bwino pamapeto pake. Koma zikadzavuta chaka chimodzi, a Hedi adzafuna anthu oima nawo pamaso pa makolo. Walira mvula walira matope. Ngati lero muwomba m'manja, tsiku limenelo musadzabisale.

Ndafika pa pempho langa, Bambo Wapampando. Masana ano tikambirana za ndalama zimene bungwe lathu lasonkha. Pali maganizo awiri. Ena akuti timange geti latsopano lokhala ndi chizindikiro cha sukulu ndi mwala wolembapo dzina la bungwe lathu. Ena akuti tifolere wekishopu, tigule zipangizo zake, ndipo zotsala tigulire mankhwala ndi magalasi a mu labotale. Geti sindikudana nalo. Lakale lija lapindika, ndipo nanenso ndimachita manyazi ndikamadutsapo ndi alendo. Koma ndalama sizikwana zonse ziwiri chaka chino. A Bodi atiuza kuti wekishopu ikakonzedwa adzayamba kufunafuna mphunzitsi wake, koma sangaitane munthu kudzaphunzitsa m'nyumba yodontha yopanda ngakhale hamala. Ine voti yanga ikupita ku wekishopu, ndipo chifukwa chake mwachimva. Ndili ndi ngongole kwa mnyamata uja wa pa depoti, ndipo iyeyo sindingathenso kumubwezera.

Kupatula ndalama, pali zina zimene aliyense angachite. Inu anamwino, amakaniki, alimi a fodya ndi a nkhuku, akauntanti ndi amisiri, bwerani kamodzi pa teremu mudzacheze ndi a Fomu 2 asanasankhe maphunziro. Ambiri amasankha potsata mnzawo kapena pothawa mphunzitsi waukali, chifukwa sanaonepo munthu wogwira ntchito imene akuilota. Inu amayi amene munachita sayansi, atsikana athu akufunika kukuonani ndi maso. Amene muli ndi mabuku amene ana anu anamaliza kuwerenga, laibulale ili ndi mashelefu opanda kanthu. Amene muli ndi sowo, puleni kapena makina osokera ongokhala m'nyumba, mlembi wathu ali ndi kope lolembamo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene tikunena pano ndi lenileni, la malata.

Pomaliza ndithokoze aphunzitsi amene anatiphunzitsa ife, ambiri a iwo anagona kale. Analibe zipangizo zambiri, koma munthu yemweyo ankatiphunzitsa jogalafe m'mawa, masana n'kukhala refa pa bwalo la mpira, madzulo n'kudzaimbitsa kwaya. Nthawi imeneyo tinkangoti ndi mmene sukulu imakhalira. Ndazindikira ndili wamkulu kuti anthu aja anachita kukhala pansi n'kukonza kuti zikhale choncho, ndipo zinkawadyera nthawi yawo yopuma. Tsopano udindo umenewo wafika pa ife.

Bambo Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri, ndipo fungo lochokera ku khitchini likundiuza kuti lero si nyemba. Ndisakuchedwetseni. Mulungu adalitse sukulu yathu, aphunzitsi ake ndi ana ake.